Dima la ku Corby

Angeline Kaphaizi ndi injiniya ku Leicester, ndipo masiku ano ukamufunsa za ntchito yake amangoti zikuyenda, kenako n'kuyamba kudandaula za nyengo. Kale sanali wotero. Kale ukangomukhudza pang'ono za makina, tiyi ankazizira m'kapu iye akukujambulira mawaya pa envulopu, mpaka wofunsawe n'kumadziimba mlandu kuti unayambiranji. Chinamutseka pakamwa ndi kachipangizo kakang'ono kovala pamkono, kamene anakapanga yekha n'cholinga chopulumutsa miyendo ya mayi amene anamusunga m'dziko la eni.

Anabadwira ku Mchinji, pa Kamwendo, m'nyumba ya bambo wokonza njinga. Alongo ake ankathawa girisi, iye ndiye ankakonda kukhala pa chitini n'kumayang'ana tcheni chikubwerera m'malo mwake. Azakhali ake ankati mtsikana wa zikhadabo zakuda sadzakwatiwa, ndipo mpaka lero amadzitama kuti ananeneratu. Sukulu inamukonda. Anapita ku Poly ku Blantyre, anagwirako ntchito pa fakitale ina ku Limbe komwe makina ankakhala akufa masiku ambiri kuposa amoyo, kenako unapezeka mwayi wokapitiriza maphunziro ku Leicester.

Anafika nyengo ya mphepo, n'kupeza kuti chipinda chimene anamulonjeza pa foni chili ndi mwini wake kale. Lamlungu lake loyamba analowa m'tchalitchi china cha anthu a kwathu chikwama chili kumanja, maso ali psuu. Mapemphero atatha, mayi wina wojintcha anamugwira pamkono.

"Iwe mwana, ndiwe wa kuti?"

"Wa ku Mchinji, amayi."

"Mchinji! Ine ndine wa ku Katete. Uko n'kuseri kwa nyumba chabe. Nyamula chola, tiye."

Amenewo anali Mayi Keturah, mayi wamasiye wa ku Zambia amene anali atakhalitsa m'dzikomo. Sanafunse kuti ukhala mpaka liti, sanafunse kuti bambo ako ndani. Anachotsa masutukesi m'kachipinda kakang'ono ka m'nyumba yawo ku Beaumont Leys, dera lina la mu Leicester momwemo, anayala matiresi, ndipo kwa aneba ankangoti uyu ndi chitsiriza changa. Anamuphunzitsa basi yoyenera kukwera, shopu yogulitsa kapenta weniweni, ndi mmene munthu amamwetulira kwa mzungu amene wakufunsa kachitatu kuti dzina lako amalitchula bwanji.

Mayi Keturah ankagwira ntchito ku Corby, tawuni ina kufupi ndi Leicester, m'chinyumba chachikulu chosungiramo katundu chimene aliyense ankangochitcha kuti weyahausi. Kwawo anali mphunzitsi wa pulayimale, koma kuno setifiketi yawo inangokhala yokongoletsa khoma. Basi ya shifiti inkawatenga pafupi ndi mashopu a ku Beaumont Leys, ndipo ntchito yawo inali kukankha ngolo m'tinjira ta pakati pa mashelefu, kutola zinthu zimene anthu aitanitsa pa foni ali gone pa sofa: apa sopo, uko chidole cha galu, kenako kubwereranso komwe wachokera chifukwa wina wakumbukira kuti akufuna babu. Ankafika kunyumba miyendo itatupa, n'kuiviika m'beseni la madzi ofunda othira mchere. Zaka zinali zitapita, ndipo iwo ankadziwa bwino lomwe kuti ejensi imene inawalemba ikangowasiya, palibe wina angadzawayang'ane kawiri. Pa miyendo imeneyo panatsamira nyumba, mwana wa ku koleji ku Nottingham, ndi mayi awo okalamba ku Katete.

Angeline ndiye ankawathirira madzi m'besenimo, mtima ukumupweteka. Choncho atamaliza maphunziro n'kupeza ntchito pa kampani ina yopanga zipangizo za m'maweyahausi kunja kwa mzinda, anaona ngati Mulungu wamuika pamenepo dala. Mkulu wa gulu lawo anali Faraz, munthu waulemu, wolankhula motsitsa, amene ankakonda bolodi ndi cholembera kuposa chakudya. Tsiku loyamba anamulembera magulu a anthu amene chinthu chilichonse chopangidwa pa kampanipo chiyenera kuwapindulira: eni weyahausi, eni masheya, ogula, a boma, ndi ogwira ntchito. Onsewa ankawatcha ma stakeholder, ndipo mawuwo ankawatchula mwaulemu ngati ali m'pemphero. Anati injiniya wabwino sapanga chinthu chifukwa chamusangalatsa, amayamba wamvetsera onsewa kuti aliyense apezepo gawo lake. Angeline anakhulupirira ndi mtima wonse. Sanalabadire zoti pa bolodipo ogwira ntchito analembedwa kumapeto, inki itayamba kutha.

Nzeru yake inali yosavuta kuimva. Munthu wotola katundu amatha mphamvu zambiri ndi kuyenda kopanda pake, kupita ndi kubwerera. Ndiye bwanji osamuveka pamkono kachipangizo komuuza njira yachidule, kuti zonse zimene zili mbali imodzi azitolere limodzi? Kunena kunali kosavuta, koma kupanga kunadya zaka. Batire linkafa msanga kukazizira. Mashelefu achitsulo ankameza netiweki. Zilembo zinkabisala pansi pa magetsi owala kwambiri. Lamba woyamba ankatulutsa tizilonda munthu akachita thukuta, ndipo amene anatulukira zimenezo anali Mayi Keturah, amene ankakavala kunyumba akutsuka mbale n'kumanena mosapsatira kuti, "Aka kakundiluma, mwana wanga, kasinthe." Iwo ndi amenenso anakapatsa dzina loti kawotchi, dzina limene linafika mpaka pakamwa pa azungu a pa kampani.

Ntchito ili kumapeto, eni weyahausi anapempha kanthu kamodzi kowonjezera. Ankafuna kuti kawotchi kazionetsanso ngati munthu akugwira ntchito pa liwiro loyenera: kakabiriwira ndiye kuti zili bwino, kakafiira ndiye kuti watsalira. Anati n'zongowathandiza kudziwa kuti shifiti ikufunika anthu angati. Liwiro loyeneralo sanafune kulipeka atakhala muofesi, ndipo apa Angeline anawayamikira. Anagwirizana kuti kawotchi kayesedwe kwa milungu ingapo pa gawo limodzi la weyahausi, kompyuta iziona mmene anthu akugwirira, ndipo nambala ya katundu amene munthu wamba amatola pa ola ichokere pamenepo. Malo oyeserawo anasankha ndi Angeline yemwe. Anakakamira kuti kukhale ku Corby, pa gawo la Mayi Keturah, pomwe panadzaza anthu a ku Zambia, a ku Zimbabwe ndi a ku Malawi, chifukwa ankafuna kuti oyamba kupumitsa miyendo akhale anthu ake.

Kutatsala pang'ono kuti kuyesako kuyambe, Angeline anakhala pa tebulo n'kulephera kudya. Mayi Keturah anamuyang'anitsitsa n'kufunsa chomwe chikumudya.

"Ndili ndi mantha, amayi. Tesiti imeneyi ikafeila, pulojekiti aitseka. Akaitseka, kontirakiti yanga sadzairinyuwa, ndipo mukudziwa kuti visa yanga yamangidwa pa ntchito yomweyi. Ndibwerera ku Mchinji ndi chikwama chomwe chija."

"Ah, iwe," anatero Mayi Keturah, akumukankhira mbale. "Idya chabe. Mulungu alipo, nafenso tilipo."

Angeline anamva mawuwo ngati chitonthozo cha mayi basi, ndipo sanawaganizirenso.

Zotsatira zake zinadabwitsa aliyense. Angeline ankayembekezera kuti anthu azitola katundu wochulukirapo pang'ono, koma nambala imene kompyuta inatulutsa inakwera mpaka Faraz anavula magalasi n'kuwapukuta. Munthu wanzeru akanakayika. Angeline ndi wanzeru, koma anali wotopa, wamantha, ndipo nambalayo inkanena zomwe mtima wake unkafuna kumva. Hazel, manejala wa weyahausi, anavomereza kuti antchito onse avale kawotchi. Angeline anakwezedwa, anagula galimoto, anasamukira m'kanyumba kakekake, ndipo kutchalitchi Mayi Keturah anaimirira kuchitira umboni, azimayi akuimba nthungululu mpaka abusa kulephera kupitiriza zolengeza.

Walira mvula walira matope. Kawotchi katafika pamkono pa aliyense, njira zinafupikadi, koma miyendo sinapume, chifukwa nthawi yonse imene inapulumuka inadzazidwa ndi katundu wina. Nambala ija inasanduka tageti ya tsiku ndi tsiku, ndipo zoti n'zongowerengera anthu a pa shifiti zinaiwalika msanga. Kawotchi ka munthu kakamafiira kawirikawiri, ankaitanidwa muofesi. Kakapitiriza, ejensi inkangosiya kumutumizira uthenga wa shifiti, osatsanzika n'komwe. Oyamba kusowa anali achikulire, a ku Poland, a ku Somalia, a konko ku Corby amene makolo awo ankasungunula zitsulo, onse chimodzimodzi. Mayi Keturah anasiya kunyamula botolo la madzi popita kuntchito, ndipo nyimbo zimene ankang'ung'udza m'khitchini zinatha.

Zimenezi zinamuzunguza mutu Angeline. Lamlungu lina masana, atachoka kutchalitchi, anawapeza atakhala m'khitchini, mwendo uli pa mpando, bondo atalimanga bandeji.

"Amayi, sindikumvetsa. Tageti imeneyi sitinaipeke ife. Inachokera kwa inu nomwe nthawi ya tesiti ija. Munkaifikira tsiku lililonse, ndinaona ndi maso anga pa kompyuta. Lero chavuta n'chiyani?"

Mayi Keturah anaseka, kuseka kwa munthu amene wasunga chinsinsi chokoma nthawi yaitali ndipo wakhala akulakalaka womufunsa.

"Iwe mwana wa ku Mchinji, sudziwa dima?"

Angeline ankalidziwa. Kwawo munda ukamukulira munthu, amaphika thobwa n'kuitana anzake. Amabwera ndi makasu awo n'kulima mopikisana, akuimba, osaweramuka, ndipo munda umene ukanadya mwezi umatha dzuwa lisanapendeke. Mawa lake aliyense amagona akubuula ndi msana wake. Palibe munthu wamoyo amene amalima choncho tsiku lililonse.

"Tinakulimira dima," anatero Mayi Keturah, nkhope ikuwala. "Tinapangana m'basi. Ndinati, anzanga, uyu ni mwana wathu, akafeila tafeila tonse. Manje tinagwira, mwana wanga! Buleki tinali kuidutsa chabe. Madzi osamwa, kuti toileti isatiitane. Ife nkhalamba miyendo ikakana, Tendai, kamtsikana ka pa gawo lathu, na atsikana anzake anali kuvala mawotchi athu pamwamba pa awo n'kuthamanga na ngolo ziwiri. Ngakhale aja osamva chinyanja bwinobwino analowa nawo. Sitinafune kuti azungu aseke mwana wa m'nyumba mwanga."

Angeline anafuna kuwakumbatira, anafunanso kuwakalipira. Palibe munthu amene anamukondapo chotero chichokereni kwawo, ndipo palibenso munthu amene anamuwonongerapo ntchito chotero.

"Amayi, kompyuta sidziwa dima. Inkaona ngati ndi mmene mumagwirira masiku onse. Liwiro limene munathamanga kundithandiza ine ndi limene likukuthamangitsani lero."

Kuseka kuja kunazima pang'onopang'ono. Mayi Keturah anayang'ana bondo lawo, n'kuyang'ana pawindo pomwe basi inkadutsa yopanda anthu.

"Ndiye chikwapu ichi tinathyola tokha?"

"Eya, amayi."

Mayi Keturah anamugwira dzanja mwamphamvu.

"Usakauze munthu. Kubwerekana mawotchi n'koletsedwa, kudumpha buleki n'koletsedwa. Zikamveka muofesi, tapita. Ndakuuza iwe chifukwa ndiwe wanga. Wamva?"

Angeline analonjeza, ndipo kwa kanthawi anasungadi lonjezolo. Koma kuntchito kwake chinsalu cha kompyuta chinkamuonetsa mawotchi onse a ku Corby, ndipo iye ankadziwa kuti kadontho kofiira kawirikawiri kaja n'kandani. Anayesa kupempha kuti nambala itsike popanda kunena chifukwa, koma akuluakulu anamufunsa kuti umboni wake uli kuti, poti nambalayo inachokera m'mayeso ake omwe. Mayi Keturah ataitanidwa muofesi koyamba, mtima wa Angeline unalephera kupirira. Anadziuza kuti muyeso ukalakwika, injiniya aliyense amadziwa chochita: umanena kuti walakwika, n'kuyesanso. Anadziuza kuti anthu ophunzira akamva choonadi amachitsata. Anadziuza kuti ogwira ntchito nawonso anali pa bolodi paja. Umu ndi mmene sukulu imapusitsira ana abwino, imawaphunzitsa kuti aliyense akufuna yankho lolondola.

Anapita kwa Faraz, amene anamvetsera nkhani yonse atagwira chibwano, ndipo zinaoneka kuti zamukhudza.

"Wachita bwino kundiuza," anatero m'Chingerezi chake chofatsa. "Koma izi sitingazisunge tokha. Hazel ndi kasitomala wathu, ayenera kudziwa kuti nambala imene tinamupatsa ili ndi vuto."

"Koma osatchula dzina la munthu."

"Palibe dzina limene litchulidwe."

Msonkhano unachitikira ku Corby, m'chipinda cha pamwamba chokhala ndi windo lalikulu loyang'ana pansi pomwe anthu ankakankha ngolo. Angeline analankhula ndi mtima wake wonse. Anafotokoza za buleki zodumphidwa, za mawotchi obwerekana, ndipo poganiza kuti Hazel akamvetsa chikondi cha anthuwo afewa, anamuphunzitsa ngakhale za dima, za makasu ndi thobwa. Hazel anafewadi. Anagwira pachifuwa n'kunena kuti sanamvepo chinthu chokongola chotero, ndipo analibwereza liwulo kuti alitchule bwino.

Kenako anakonza mpando n'kunena kuti nambala singasunthe. Akuluakulu ake anali atalonjeza kale ogula kuti katundu azifika mawa lake, potengera nambalayo. Eni masheya anali atauzidwa. Chiwerengero cha antchito chinali chitadulidwa kuti chigwirizane nayo. Komanso, anatero akuloza pawindo, ambiri tsopano akuifikira, ndiye kuti ndi yotheka.

"Akuifikira chifukwa olephera munawachotsa," anatero Angeline. "Otsalawo ndi amantha. Samwa madzi."

"Zimenezo palibe amene wandidandaulira," anayankha Hazel modekha. "Koma za mawotchi obwerekana ndi buleki ndazimva, ndipo ndazimva pali mboni. Munthu akanagwa ndi ngolo ziwiri, mlandu ukanakhala wanga. Sindingachite ngati sindinamve. Anayambitsa ndani?"

Angeline anakana kutchula dzina.

"Osadandaula," anatero Hazel. "Kawotchi kako kamasunga zonse. Tiona kuti ndi ati amene sankapuma, ndi ati amene ankayenda awiriawiri. Eni ake tiwafunsa."

Zinali zoona. Anakapanga bwino kawotchi kaja, kosaiwala kanthu, ndipo iye ndi amene anakakamira kuti kazisunga chilichonse kuti kakadzavuta kadzakonzeke mosavuta. Potuluka, ali pamalo oimikapo magalimoto, Faraz anamusisita paphewa n'kunena kuti ngakhale zapweteka, chofunika n'chakuti mbali zonse zamvedwa. Angeline anamuyang'ana munthu wabwinoyo, munthu amene sananamepo kwa iye ngakhale kamodzi, n'kumva chidani chimene sankadziwa kuti ali nacho.

Kufufuzako sikunatenge nthawi. Anthu a pa gawo lija anaitanidwa mmodzimmodzi, ndipo palibe amene anapereka mnzake. Koma atamva kuti Tendai ndi atsikana anzake ndi amene achotsedwe chifukwa chovala mawotchi a eni, Mayi Keturah anakwera okha masitepe aja, bondo likukana, n'kukanena kuti anawatuma ndi iwo. Atsikana anapatsidwa chenjezo. Mayi Keturah anauzidwa kuti ntchito yatha, achotse zawo m'lokala mosungira zovala. Tendai ndi amene anamuimbira Angeline, akulira, osadziwa kuti akuimbira munthu yemwe anaulula chinsinsicho.

Angeline anasiya zonse pa desiki n'kuyendetsa galimoto mpaka ku Corby. Kunkagwa mvula yowaza ija imene siinyowetsa msanga koma imafika m'mafupa. Anaima pafupi ndi geti, pomwe basi ya shifiti inali itaimikidwa, yotseka, dalaivala kulibe, chifukwa shifiti inali isanathe. Posakhalitsa anawaona akutuluka, akutsimphina, atanyamula jumbo la pulasitiki momwe munali nsapato zakuntchito, kapu, ndi juzi lakale. Anatsika n'kuwathamangira.

"Amayi, lowani m'galimoto, ndikuperekezeni."

Mayi Keturah anaima, koma sanayang'ane galimotoyo.

"Hazel wandiuza kuti amalemekeza maningi mwambo wathu wa dima," anatero. "Analitchula bwino, ngati wa ku Katete. Ndinakhala pansi n'kuganiza, mzungu wa ku Corby angalidziwe kuti dima? Ine liwu limenelo sindinalitchule m'basi, sindinalitchule kwa Tendai. Ndinalitchula m'khitchini mwanga, kwa munthu mmodzi."

"Ndine, amayi. Ndinanena ndine." Misozi inasakanikirana ndi mvula. "Ndimafuna kuti abwereze tesiti. Ndimaona bondo lanu, ndimaona kawotchi kanu kakufiira tsiku lililonse. Ndimaganiza kuti akamva zoona atsitsa tageti, inu mupume. Sindinatchule dzina lanu, ndikulumbira."

"Ndidziwa kuti sunatchule. Dzina langa ndatchula ndekha."

"Ndikusamalani ine, amayi. Nyumba, fizi ya mwana, zonse. Salale yanga ikwana."

Apa mpamene Mayi Keturah anamuyang'ana m'maso, ndipo Angeline akanakonda akanamumenya mbama.

"Salale imene inakwera na miyendo ya anthu aja anasowa m'basi? Uisunge. Ine ndinakuuza ngati mwana wanga, iwe unamva ngati injiniya. Palibe kanthu, ndiwo unaphunzira. Nanenso ndinalakwa, ndinalimira dima makina osadziwa kuthokoza." Anasamutsira jumbo lija ku dzanja lina. "Koma ndifunse chinthu chimodzi chabe. Nambala ija, aitsitsa?"

Angeline anapukusa mutu.

"Ngakhale pang'ono? Ya Tendai, ya aja atsala mkatimu?"

"Ayi, amayi. Akuti singasunthe."

Mayi Keturah anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kupukuta madzi amvula pachipumi ndi kuseri kwa dzanja.

"Potsika masitepe aja ndinali n'takukhululukira kale," anatero. "Ndinati, mwanayu wandigulitsa kuti anzanga apume, ndiye si kanthu, mtengo wake ni wabwino. Kani wangonditaya ulele."

Anamulambalala n'kupita kukaima pa khomo la basi yotseka ija. Panali patatsala nthawi yaitali kuti shifiti ithe, pamalopo panalibe denga, ndipo bondo lija silinkalola kuima. Angeline anabwerera ku galimoto, anatsegula chitseko cha mbali ya wokwera n'kuchisiya chotsegula, mvula ikunyowetsa mpando. Anadikira pamenepo mpaka belu linalira, anthu n'kuyamba kutuluka pa geti akusisita pamkono pomwe panali lamba. Anazungulira Mayi Keturah, wina anawalandira jumbo, wina anawafunditsa jekete lake, ndipo dalaivala atatsegula anawakweza iwo poyamba, awiri atawagwira m'khwapa. Ambiri a iwo ankamudziwa Angeline, ena anamuvinira tsiku la umboni lija, ndipo onse anadutsa pafupi ndi galimoto yake popita ku basi. Palibe ngakhale mmodzi amene anamupatsa moni.